Kuchotsa pasiwedi yoiwalika pa ThinkPad yakale

Ngati muli ndi laputopu yakale ya IBM ThinkPad, monga ThinkPad 600, ndipo ikufunsa pasiwedi mukangoiyatsa, musathamangire kuimasula musanadziwe mtundu wa pasiwediyo, pakuti makinawa amasunga mitundu itatu.

Pasiwedi yoyatsira ndiyo yosavuta. Zimitsani makinawo, zulani chingwe cha magetsi, chotsani batire lalikulu, kenako zulani kabatire kozungulira ka CMOS kamene kamasunga tsiku ndi nthawi. Dikirani mphindi zingapo, mubwezere zonse m'malo mwake, muyatse, ndipo mukonzenso tsiku ndi nthawi.

Koma apa mpofunika kusamala kwambiri. Pasiwedi yachiwiri, ya supervisor (ya woyang'anira, yoletsa ena kusintha makonzedwe a makinawo), imasungidwa m'kachipangizo ka EEPROM, kamene sikaiwala ngakhale magetsi atachoka. Ngati mwini wake woyamba anaiikapo, kuzula kabatire kaja kumangoonjezera vuto, chifukwa makinawo amafuna kuti mukonze nthawi, koma sakulolani kutero popanda pasiwedi yomweyo, ndiye laputopu imene inkagwira ntchito imatsekeratu. Nkhani imeneyo ndi ya mmisiri wodziwa kuwerenga EEPROM.

Pasiwedi yachitatu imakhala pa hard disk (posungira mafayilo) penipenipo, choncho kabatire sikaikhudza n'komwe.