Mmene mungathawire napolo namondwe akamabwera

Mwafunsa chochita ngati nyumba ili m'munsi mwa phiri ndipo namondwe ali m'njira. Namondwe Maria atawomba chilumba cha Puerto Rico mu September 2017, nthaka inagumuka m'malo oposa 40,000. Ifenso tinaona napolo ku Soche mumzinda wa Blantyre nthawi ya namondwe Freddy mu 2023.

Konzeranitu tochi, wailesi ya mabatire, madzi akumwa, mankhwala, ndi ziphaso zokulunga m'pulasitiki.

1. Sankhani kothawira mvula isanayambe: malo olimba, kutali ndi khwawa ndi mtsinje. Okalamba, odwala ndi ana atsogole kukadali kowala.

2. Yang'anitsitsani ming'alu yatsopano pakhoma, chitseko chokana kutsekeka, mitengo yopendekeka. Mtsinje ukaphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, musasangalale ayi. Ndiye kuti matope atseka kumtunda, ndipo akaphulika adzatsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Chokani pompo.

3. Usiku wina akhale maso. Ambiri napolo amawapeza ali m'tulo.

4. Mukamva mkokomo kuphiri, thawirani cham'mbali. Musatsetsereke ndi khwawa, matope amathamanga kuposa munthu.

5. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mvula ikangoleka amabwerera kukatenga mbuzi, mabulangete kapena thumba la chimanga. Chonde musatero. Nthaka yakhuta madzi ndipo imatha kugumuka ngakhale dzuwa litawala. Dikirani akuluakulu oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi anene kuti mubwerere.