Kasankhidwe ndi kasungidwe ka tchizi ya Gouda

Mukamagula tchizi ya Gouda, yomwe dzina lake linachokera ku mzinda wa Gouda ku Netherlands kumene alimi ankakaigulitsa, yambani mwafunsa kuti yakhala nthawi yaitali bwanji chiipangireni. Yanthete, ya milungu 4 yokha, imakhala yofewa ndipo imasungunuka bwino pa buledi wootcha. Ine ndimakonda yokhwima, yomwe yatha miyezi 10 kapena kuposerapo, chifukwa imalimba, imatsekemera pang'ono, ndipo mkati mwake mumakhala timibulu tomveka m'mano. Imeneyi musaiwononge poiphika, koma muziidya pang'onopang'ono.

Itulutseni mufiriji kutatsala theka la ola kuti mudye, kuti kukoma kwake kumveke bwino. Posunga, ikulungeni ndi pepala, popeza mupulasitiki imachita chinyontho n'kuyamba nkhungu msanga. Chikhungwa chake cha phula sichidyedwa, choncho muzichisenda.