Ufa wokulitsa minofu wafika m'mabwalo a sukulu, makolo tichenjere

Masewero a m'sukulu ayamba, ndipo chaka chino tikuona zodetsa nkhawa. Anyamata a zaka 15 ndi 16 akubwera ku bwalo ndi ufa wa mapuloteni m'majumbo, wina wopanda n'dzina lomwe, kusungunula m'botolo n'kumapatsirana. Ukawafunsa zomwe zili mkatimo, amangoti unachokera kwa mkulu wina wa ku jimu. Ambiri mwa iwo amakhala atachoka kunyumba m'mimba muli pululu.

Ufa woterewu nthawi zina sumakhala ndi zokhazo zomwe wogulitsa akunena. Mu 2004 akatswiri a ku Cologne, m'dziko la Germany, anatulutsa zotsatira atayeza mitundu 634 ya zinthu zoterezi zogulidwa m'maiko 13. Pafupifupi 15 mwa 100 iliyonse inali ndi mankhwala a steroid, okulitsa minofu, omwe sanalembedwe pa chitini. Zambiri mwa zimenezotu zinali za m'sitolo, zomatidwa bwinobwino. Nanga za m'jumbo zopimidwa ndi supuni?

Kwa mwana amene akukulabe, steroid amakhwimitsa msanga nsonga za mafupa, mwana n'kupinimbira. Amavulazanso chiwindi ndi mtima. Ndipo lamulo la bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewero padziko lonse, silimva zoti "sindinkadziwa": chimene chapezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, ndipo chiletso chimatha kufika zaka 4. Mwana amene amalota zosewerera Flames angathere pomwepo.

Bambo wina, mlimi wolimbikira ndithu, anandiuza monyadira kuti anagulitsa thumba la mtedza kuti agulire mwana wake chitini cha ufawu. Zinandiwawa. Mtedza womwewo uli ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25 pa magalamu 100 alionse. Tidzasiya liti kuganiza kuti chilichonse cha m'chitini chimaposa cha kumunda kwathu? Aphunzitsi a masewero ena amaona zonsezi n'kungokhala chete bola timu ipambane. Zimenezi ziyenera kutha.

Zochita si zovuta. Mwana adye phala la soya kapena lotendera asanapite kokaphunzira masewero, ndipo akabwerako apeze nsima ya usipa, nyemba kapena mazira, nthochi pambali. Dzira limodzi lili ndi mapuloteni okwana magalamu 6. Madzi amwe ambiri, agone mokwanira. Ngati akufooka kapena kuchita chizungulire, makamaka atsikana a netibo, pitani naye ku chipatala akamuyeze magazi. Mankhwala oonjezera magazi apereke ndi adokotala. Ufa wopanda dzina mukaupeza m'chikwama, tayani.