Musanapikisane pa domeni yotha nthawi, fufuzani mbiri yake ndi malinki ake

Domeni, lomwe ndi dzina la adiresi ya webusaiti, imalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo mwini wake akaleka kulipira sifafanizika tsiku lomwelo. Pa mayina a .com, kampani yolembetsa imatha kulisunga dzinalo mpaka masiku 45. Kenako pamabwera masiku 30 oti mwini akhoza kuliwombola polipira ndalama yowonjezera, ndi masiku 5 omaliza odikira kufufutidwa. Makampani monga GoDaddy, Namecheap ndi Dynadot sadikira kuti zonsezi zithe, amaika dzinalo pa okushoni m'masiku oyambirira aja. Ena monga DropCatch amaliwakha pa nthawi yeniyeni imene lamasulidwa, ndipo olifuna akachuluka amawapikisanitsa. Dzina logulidwa lisanafufutidwe limasunga tsiku limene linalembetsedwa koyamba, pamene lofufutidwa limalowanso m'kaundula ngati latsopano.

Chimene wogula amafuna ndi malinki amene mawebusaiti ena anaika kulozera ku domeniyo idakali pa ntchito, poti Google imawerengera malinki oterewa posanja masamba. Zaka za dzinalo pazokha sizikweza tsamba.

Ambiri amaluza ndalama chifukwa chokhulupirira nambala imodzi. Pofufuza madomeni otha nthawi mudzaona manambala oyeza mphamvu ya domeni, a makampani osiyanasiyana ofufuza malinki: DA ya Moz, DR ya Ahrefs, Trust Flow ndi Citation Flow za Majestic, onse osapitirira 100. Google sigwiritsa ntchito ngakhale imodzi mwa nambalazi. Ndi kuyerekeza kwa makampaniwo, ndipo ogulitsa achinyengo amadziwa kuzifufumitsa ndi malinki opangidwa ndi makina. Zigwiritseni ntchito posefa chabe, kuti pa mayina 500 mutsale ndi 20 oti muwafufuze limodzilimodzi. Citation Flow, yoyeza kuchuluka kwa malinki, ikakhala 40 koma Trust Flow, yoyeza kudalirika kwake, ili pa 5, malinki ndi ambiri koma ochokera kuzinyalala. Lisiyeni dzinalo.

Otsalawo yambani nawo pa Wayback Machine ya Internet Archive, webusaiti yosunga zithunzi za mmene mawebusaiti ankaonekera kale. Musangotsegula chithunzi chomaliza. Tsegulani chimodzi kapena ziwiri pa chaka chilichonse kuyambira pachiyambi, muone ngati nkhani ya webusaitiyo inali imodzimodzi. Domeni yabwino imaonetsa mwini mmodzi, nkhani imodzi, kenako zii. Yoipa imayamba ngati webusaiti ya kwaya kapena ya sukulu, imasowa chaka chimodzi, n'kubwerera ili ndi za juga, zolaula kapena mankhwala a mphamvu za abambo, kawirikawiri m'chinenero china. Imeneyo wina anaigula kale pa cholinga chofanana ndi chanu, anaikama, n'kuitaya itauma. Samalaninso zaka zimene chithunzi chikukutumizani ku domeni ina, chifukwa ndiye kuti inkangothirira mphamvu webusaiti ya wina.

Mbiri ikakhala yoyera, pitani pa malinki. Apa ndi pofunika kukhalitsa. Werengani mawebusaiti osiyana amene akulozera kumeneko, osati malinki onse pamodzi: malinki 30,000 ochokera ku mawebusaiti anayi sapambana malinki 80 ochokera ku mawebusaiti 60 enieni. Tengani 20 apamwamba, mutsegule tsamba lililonse ndi maso anu, popeza zida za makampani ofufuza malinki aja zimachedwa kuchotsa malinki amene anafa. Onani ngati linkiyo ilipobe, ngati ili m'kati mwa nkhani yolembedwa ndi munthu, ndiponso ngati ilibe chizindikiro cha nofollow, sponsored kapena ugc, zimene zimauza Google kuti mwini tsamba sakuchitira umboni kumene linki ikupita. Malinki a m'munsi mwa tsamba ndi a m'makomenti musawawerengere kwenikweni. Linki imodzi ya m'nkhani ya nyuzipepala yodziwika kapena ya yunivesite ndiyo imakweza mtengo wa dzina.

Mukatero yang'anani mawu amene malinkiwo anamangidwapo. Pa webusaiti yokula mwachibadwa, mawu ochuluka amakhala dzina la webusaitiyo, adiresi yake, kapena mawu wamba onga "werengani apa". Mukapeza mawu amodzi a malonda abwerezedwa mazanamazana, malinkiwo anagulidwa, ndipo Google yakhala ikulimbana ndi oterewa kuyambira pamene inayambitsa Penguin, njira yake yogwirira malinki achinyengo, mu 2012. Lembaninso masamba a m'kati amene malinki abwinowo akulozera. Mudzawafuna mtsogolo.

Lembani site: motsatana ndi dzinalo pa Google. Masamba akale akaonekabe, ndi chizindikiro chabwino. Pakapanda kuoneka kalikonse musafulumire kuweruza, chifukwa webusaiti yozima miyezi ingapo imachoka yokha pa Google. Chilango choikidwa ndi ogwira ntchito ku Google mudzachiona pokhapokha dzinalo lili lanu ndipo mwalilumikiza ku Search Console, chida cha Google cha eni mawebusaiti. Chilangocho chimatha kutsala ndi domeni ngakhale mwini wasintha, ndiye mungafunike kupempha kuti aliunikenso. Musanagule mungathe kuona pa Google Safe Browsing ngati linagwidwapo ndi mavairasi, ndi pa Spamhaus ngati maimelo ake amakanidwa.

Mfundo imene imagwetsa anthu ngakhale atasankha bwino ndi ntchito imene akufuna kulipatsa dzinalo. Mu Malichi 2024 Google inaika m'malamulo ake kuti kugula domeni yotha nthawi n'cholinga chokweza zolemba zopanda phindu pa mbiri ya mwini wakale ndi chinyengo. Chimodzi mwa zitsanzo zake chinali za juga pa webusaiti imene kale inali ya sukulu ya pulayimale. Kugwiritsa ntchito dzina lakale pa webusaiti yatsopano yothandizadi anthu sikoletsedwa. Choncho ngati mukufuna kulemba za ulimi wa nkhuku, domeni yakale ya za ziweto ya DR 18 ingakupindulireni kuposa ya DR 50 imene inali ya hotela.

Dzina lokhala ndi chizindikiro cha malonda cha kampani ina lipeweni. Mwini chizindikiro akhoza kudandaula kudzera mu UDRP, ndondomeko yothetsera mikangano ya madomeni, ku mabungwe ngati WIPO, bungwe la dziko lonse loona za zizindikiro za malonda ndi umwini wa luso, n'kulilanda popanda kukubwezerani kanthu.

Pa tsiku la okushoni khalani mutalemba kale mtengo umene simudzapitirira. Muwerengeremo ndalama yolembetsera chaka, imene nthawi zambiri imawonjezedwa pamwamba pa mtengo wopambanira, ndipo kumbukirani kuti zonsezi ndi za madola. Pa GoDaddy, mtengo wotchulidwa m'mphindi zomaliza umatalikitsa okushoni, ndiye kubisalira mphindi yomaliza sikuthandiza. Kutchula mtengo molawirira nako kumangoitana anzanu. Ngakhale mwapambana, musayambe kumanga dzinalo lisanalowe mu akaunti yanu, chifukwa pa misika ina mwini wakale amakhala akadali ndi mpata woliwombola.

Likalowa, bwezeretsani maadiresi a masamba aja munalemba, ndipo mulembepo nkhani zanuzanu pa mitu yomweyo. Musakopere zolemba zakale za pa Wayback Machine, poti mwagula dzina lokha, zolembazo zikadali za mwini wake. Ngati mwasankha kulozetsa domeniyo ku webusaiti yanu ndi 301, lamulo lotumiza alendo ku adiresi yatsopano mpaka kalekale, tsamba lililonse lipite ku tsamba la nkhani yofanana. Mukawaunjika onse pa tsamba loyamba, Google imatha kuwatenga ngati masamba osowa, ndipo mphamvu ya malinki amene mwalipirira sifika.