Khanda likukana kugona usiku? Yesani izi, mankhwala ayi

Amayi anzanga amene mwangochira kumene, ndi inu azibambo amene maso ali psuu chifukwa cha tulo, choyamba dziwani kuti khanda la masabata ochepa silidziwa kuti uno ndi usiku. Limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku koma moduladula, kamimba kake nkakang'ono ndiye pakapita maola awiri kapena atatu kadzuka kale kakufuna bere. Si matenda ayi. Kulira kwa madzulo kuja kumakula maningi cha pa masabata 6, kenako kumayamba kuchepa pofika miyezi itatu kapena inayi. Ndiye zonse ndikunena apa nzongomuthandiza mwana kukhazikika, osati kuti agone mpaka kuche.

Yambani ndi kumukulunga m'chitenge chomwe muli nachocho. Yalani chopepuka cha kotoni, mugonekeni pakati mapewa ali m'mphepete mwa nsalu, kokerani mbali imodzi pachifuwa ndi kuilowetsa kumsana, kenako inayo chimodzimodzi. Manja agwirike bwino kuti asamadzidzimuke yekha, koma kumiyendo kusiyeni kotakasuka kuti azitha kupinda maondo, ndipo pachifuwa pazilowa zala zanu ziwiri. Nkhope isafundidwe olo pang'ono. Tsiku lomwe mwaona kuti wayamba kuyesa kugubuduka, ena amayamba ali ndi miyezi iwiri yokha, kukulungako kwathera pomwepo. Mu October Chipata ikatentha musachite kuwonjezera bulangeti ndi chipewa, mugwireni pakhosi kumbuyo, ngati pali thukuta mwamufunditsa kwambiri.

Kamvekedwe nakonso kamathandiza. M'mimba munali phokoso nthawi zonse, ndiye zii weniweni amamudabwitsa mwana. Fani yozungulira pang'onopang'ono yosaloza kwa iye, wailesi yoika pomwe palibe siteshoni ingoti shiii, kapena foni yokhala ndi phokoso la mvula, koma motsitsa ndiponso kutali ndi mutu wake, osaika foni pambali pa khutu. Malaiti akapita pakamwa panu mpokwanira, shii shii uku mukumugwedeza pang'onopang'ono, kapena kanyimbo kamene ambuya ankakuimbirani, kamodzimodzi usiku ulionse mpaka akazolowere.

Masana tsegulani makatani, anthu azilankhula, mapoto azilira. Usiku kuwala kochepa basi, kumuyamwitsa, kumugeyetsa paphewa, kusintha thewera mwakachetechete osayamba kumuseweretsa. Za dummy, ija ya labala imene mwana amayamwa, ngati mukufuna, dikirani kaye masabata atatu kapena anayi kuyamwa kukhazikike, muziiwiritsa, osaimangirira chingwe m'khosi ndipo osaipaka shuga kapena uchi. Uchi ngoletsedwa mpaka akwane chaka.

Manje pogona, apa ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse. Mwana azigona chagada nthawi zonse, osati chafufumimba, pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo kapena zidole, mkati mwa neti ya udzudzu. Ndikudziwa apongozi ena amati chagada atsamwa ndi mkaka, auzeni mwaulemu kuti anesi akusikelo amalangiza chagada chifukwa kugona chafufumimba ndi kumene kumawonjezera ngozi yoti mwana amwalire mwadzidzidzi ali m'tulo. Ambiri timagona naye bedi imodzi, ngati ndi choncho mabulangeti olemera a akulu akhale kutali naye, asagone pakati pa anthu awiri, ndipo amene wamwa mowa kapena amasuta asagone naye pafupi. Kusinza naye pa sofa ndiye koopsa kuposa zonse. Ndipo June ndi July kukazizira chonde mbaula isalowe kuchipinda, malasha amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha nkomwe, kuli bwino kumuveka kasweta kena.

Chimene chimandiwawa ndi uphungu uja wakuti mupatseni ka Piriton pang'ono agone, kapena mankhwala a chifuwa, kapena timadzi ta zitsamba. Ayi amayi. Mankhwala ogonetsa angathe kufooketsa kapumidwe ka khanda, ndipo mwana wogona ndi mankhwala sadzuka kuti ayamwe. Miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, olo madzi safunika, ndipo Panado yemwe musamupatse wopanda anesi kapena adokotala kunena.

Mukatopa mpaka mtima kuyamba kupsa, mugonekeni pabwino, tulukani panja mphindi zingapo, adadi ake kapena alamu amutengeko. Osamugwedeza mwamphamvu ngakhale kamodzi, ubongo wake ngosakhwima. Koma ngati thupi latentha kufika madigiri 38, akukana bere, akupuma mothamanga, maso achita chikasu, kapena akugona kwambiri osadzutsika, musadikire kuti kuche, pezani galimoto kapena njinga yamoto mupite kukiliniki yapafupi kapena kuchipatala cha Chipata Central usiku womwewo, mutatenga khadi lake la kusikelo.