Kumanga nyumba ya dothi yozizira bwino: zakale zoti musunge, zamakono zoti muwonjezere

Nyumba ya dothi imene makolo ankamanga kumadera otentha inali ndi zabwino ziwiri: makoma okhuthala ndi denga lotambalala lopereka mthunzi. Inkagonja malo atatu, kunsi kwa khoma kumene chinyontho chimakwerera, m'ngodya momwe ming'alu imayambira, ndi padenga. Simenti, konkire ndi malata ziyenera kupita malo atatu amenewo. Kwina konseko dothi limakwanitsa ntchito, longosakaniza ndi simenti pang'ono poumba njerwa.

Yambani ndi kaimidwe ka nyumba musanakumbe maziko. Makoma ataliatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, aafupi kum'mawa ndi kumadzulo. Dzuwa la masana limakhala pamwamba, ndiye denga lotuluka limalitchinga mosavuta, koma la madzulo limawomba cham'mbali ndipo limalowa pawindo mpaka pabedi. Kumadzuloko ikani bafa, sitolo kapena khonde, osati chipinda cha ana. Chipinda chilichonse chikhale ndi mawindo mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa.

Kenako yesani dothi lanu, ndipo apa musapupulume. Chotsani la pamwamba lakuda lija, lomwe lili ndi mizu ndi zowola, mutenge la pansi pake. Thirani dothi m'botolo loonekera mkati mpaka gawo limodzi mwa atatu, dzazani madzi, onjezani kamchere, khutchumulani kwambiri, n'kulisiya tsiku lathunthu. Mchenga umakhala pansi, dongo pamwamba. Dothi labwino kuumbira njerwa zopsinja ndi makina limakhala ndi mchenga woposa theka, dongo pakati pa 10 ndi 20 peresenti. Dongo likachuluka njerwa imang'aluka pouma, ndiye onjezani mchenga. Likachepa njerwa imafumbutuka m'manja.

Sefani dothilo, musakanize ndi simenti likadali louma mpaka mtundu ufanane paliponse. Simenti ikhale 5 mpaka 8 peresenti ya kulemera kwa dothi. Thumba la makilogalamu 50 limakwana njerwa pafupifupi 100 za masentimita 29 kwa 14 kwa 9. Madzi muziwaza pang'onopang'ono. Kuti mudziwe ngati akwana, finyani dothi kukhala mpira m'dzanja, muugwetse kuchokera paphewa: ukasweka zidutswa zinayi kapena zisanu, zili bwino, ukaphwatalala osasweka, madzi achuluka, ukamwazika ngati fumbi, achepa. Musasakanize zambiri zoti simumaliza mu ola limodzi, chifukwa simenti imayamba kugwira.

Anthu ambiri amalakwitsa poyanika njerwazi padzuwa ngati zidina. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Zifunditseni pulasitiki, muzizithirira masiku 7, ndipo muzimangire pakatha masiku 28. Musanayambe, viikani njerwa imodzi m'ndowa usiku wonse. Ikatuluka m'mbali mwake muli mwakuthwabe, gulu lonselo ndi labwino.

Maziko akhale a miyala kapena konkire, atuluke pamwamba pa nthaka masentimita osachepera 30. Pamwamba pake yalani pepala lotchinga chinyontho, kenako njerwa yoyamba yadothi. Mmisiri akakuuzani kuti pepalalo n'losafunika, kaoneni nyumba zomwe anamanga zaka zisanu zapitazo: mupeza kunsi kwa khoma kwatuwa ndi mchere, penti ikusupuka. Siyani mzere wa mazikowo uli poonekera, osaukwirira ndi dothi la maluwa, kuti njira za chiswe muziziona zisanafike kumatabwa.

Khoma lakunja la masentimita pafupifupi 30 limachedwetsa kutentha maola 8 mpaka 10, ndiye kutentha kwa masana kumafika m'nyumba usiku kunja kutazizira kale. Izi zimathandiza kumene masana kumatentha koma usiku n'kuzizira. Kumadera achinyezi kumene usiku kumafundabe, khoma lolemera limasunga kutentha osakutaya. Kumeneko ndi bwino khoma lopepukirapo, mawindo akuluakulu ndi mthunzi wambiri. Pamwamba pa zitseko ndi mawindo zungulizani lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, womanga makoma onse pamodzi. Mawaya ogwira denga muwamize m'lambamo, apo ayi mphepo ya mkuntho idzanyamula denga lonse.

Pulasitala wa simenti yolimba pakhoma la dothi ndi msampha. Madzi amalowa pakamng'alu, amasowa potulukira, dothi limafewa kuseri mpaka pulasitala amagwa chigamba chathunthu. Gwiritsani ntchito laimu ndi mchenga, muyezo umodzi kwa itatu, chifukwa laimu amalola khoma kuuma. Njerwa zopsinjidwa bwino mutha kungozisiya osazipaka kanthu.

Denga lituluke masentimita 60 mpaka mita imodzi mbali zonse. Ngati mwasankha udzu, uyenera kupendekeka madigiri 45 kapena kuposa ndi kukhuthala masentimita 30, apo ayi umasunga madzi n'kuwola. Malata savuta kusamala koma amatentha, ndiye asagundane ndi siling'i. Mmisiri wa mapulani Francis Kéré anachita zimenezi pa sukulu ya ku Gando ku Burkina Faso, yomwe inatha mu 2001: makoma a njerwa zadothi, siling'i ya njerwa, ndipo malata anakwezedwa pamwamba pa zitsulo kuti mphepo izidutsa pakati n'kuchotsa mpweya wotentha. Pa nyumba ya banja mungachite chimodzimodzi posiya mpata m'mphepete mwa denga ndi pamsonga pake, wotsekedwa ndi waya wa timaso kuti mileme ndi mbalame zisalowe.

Denga lomwelo likupatseni madzi. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, choncho denga la masikweya mita 100 limagwira malita pafupifupi 2,000 pa mvula ya mamilimita 20. Madzi oyamba otsuka fumbi ndi zitosi muziwapatutsa asalowe m'thanki, ndipo paipi yosefukira muilozetse kutali ndi maziko, mamita awiri kapena atatu, kumene nthaka imatsetserekera kunja.