Bokosi lachitsulo la magetsi a CNC yanu: yambani ndi katoni, sitolo pambuyo

Mwezi wa Okutobala ndinafika pa shedi ya mnyamata wina ku Kalingalinga mu Lusaka, chakufupi ndi msewu wa Alick Nkhata kumene akalipentala amayala mabedi ndi makabati. Anadzipangira yekha makina a CNC osemera matabwa, aja oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo amalemba nawo maina pa zitseko ndi pa zikwangwani. Makinawo ndi abwino ndithu. Koma kabodi ka Arduino kokhala ndi GRBL (pulogalamu yolamulira makinawo), madiraiva atatu a TB6600 oyendetsa ma motor ndi power supply anangozikhomera pathabwa n'kuimika pambali, utuchi uli mbuu pamwamba pake. Dandaulo lake linali lakuti akangoyatsa spindle (motor yozunguza mpeni wosemera) makina amaima okha n'kuonetsa alamu ya limit switch (ka switch kodziwitsa kuti makina afika kumapeto), chikhalirecho palibe chimene chagunda. Bokosi la m'sitolo ya zamagetsi anakalifunsa, atamva mtengo anabwerera chamsana. Zimene ndinamuuza ndi zomwe ndikukuuzani nonse amisiri amene muli pa ntchito yomweyi.

Bokosi likhale lachitsulo, osati la pulasitiki kapena la pulayiwudi. VFD, chipangizo choyendetsa spindle ndi kusintha liwiro lake, pamodzi ndi madiraiva zimadula ndi kulumikiza magetsi maulendo masauzande pa sekondi imodzi, ndipo potero zimamwaza phokoso lamagetsi losamveka ndi khutu. Timawaya ta limit switch timayendera 5V yokha, ndiye timatola phokosolo ngati eriyo ya wailesi, Arduino n'kumaganiza kuti makina afika kumapeto. Chitsulo cholumikizidwa ku earth chimathandiza kutchinga zimenezi. Chinanso, waya ukapsa m'kati mwa chitsulo moto umathera momwemo, pamene pa thabwa lodzala utuchi shedi yonse ikhoza kupita.

Musanatuluke kukasaka, tengani katoni muyale pansi. Ikanipo zipangizo zonse monga zidzakhalire: power supply ndi VFD mbali imodzi, Arduino mbali ina kutali nazo, madiraiva pakati, iliyonse mutaisiyira mpata woti zala ziwiri kapena zitatu zilowe kuti mpweya uzidutsa. Siyaninso njira ya nthambo, chifukwa nthambo zimadya malo kuposa mmene munthu amaganizira. Jambulani ndi pensulo, pimani, onjezerani malo a diraiva yachinayi imene mudzaifuna chaka chamawa. Kwa makina aang'ono opanda VFD, bokosi la 400 x 300 x 200 mm kawirikawiri limakwana. Mukaika VFD ya 1.5 kW kapena 2.2 kW momwemo, ganizirani 500 x 400 x 200 kupita m'mwamba, ndipo kuya kwake mupime ndi VFD yeniyeniyo, poti ambiri amazindikira pa tsiku lotseka chitseko kuti sichikutsekeka. Katoni ija muipinde mupite nayo.

Chotchipa kwambiri ndi bokosi la kompyuta yakale, ija yoimirira. Okonza makompyuta m'tauni amakhala nawo akufa ataunjika pakona. Lili kale ndi malo a fani komanso socket yolowetsera magetsi. Vuto lake ndi mabowo ochuluka, oti muwatseke ndi tizidutswa ta lata, komanso chitsulo chopyapyala. Kwa amene akuyamba ndi GRBL ndi ma motor a NEMA 17 kapena NEMA 23, ine ndimati yambirani pamenepa. Bokosi la UPS yaikulu imene inafa ndi lolimba kuposa apo, koma mabatire ndi ma capacitor ake muchotse mosamala.

Ku msika wa Soweto ndi kwa ogula zitsulo zakale mumapezeka ma DB box (aja okhalamo ma breaker) ndi mabokosi a magetsi ochotsedwa m'nyumba ndi m'mafakitale. Likakhala ndi chitseko cha mahinji komanso mbale yam'kati yokhomerapo zipangizo, limenelo musalisiye. Litembenuzeni muone pansi ndi m'makona. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere: penti yatsopano imabisa dzimbiri, choncho kandani pang'ono ndi kiyi musanapereke ndalama. Ma DB box ambiri a m'nyumba ndi osaya, VFD singalowe. Thiranki ya ana a sukulu ya boarding nayonso imagwira, ngakhale lata lake limapindika, ndiye muikemo mbale ina yolimba.

Njira imene ndimaikonda ndi kukapangitsa kwa owotcherera a ku Garden kapena a ku Kalingalinga komweko, amene amapanga mafelemu a zitseko ndi mageti. Muwapatse miyezo ya pakatoni, muwauze chitsulo cha 1.2 kapena 1.5 mm, chitseko chokhala ndi mlomo wopindikira m'kati woti mumatepo labala, ndi mbale yam'kati yochotseka yokhala pa mabawuti anayi. Muwapemphenso awotcherere bawuti limodzi la M6 m'kati mwa bokosi ndi lina pa chitseko. Mabokosi atsopano olembedwa IP65 salowa fumbi ngakhale madzi owaza, n'chifukwa chake amadula. Koma inu mukaboolapo malo a fani IP65 ija yatha, ndiye mwalipira chinthu chimene mwachiononga nokha ndi dirilo.

Mabawuti awiri a M6 aja ndi a earth, ndipo apa ndiye pagona nkhani yonse. Bokosi lachitsulo lokhala ndi 230V m'kati koma lopanda earth ndi loopsa kuposa thabwa lija, chifukwa waya wa live ukasupuka n'kukhudza khoma, wogwira chitseko ndiye amasanduka njira ya magetsi. Palani penti mozungulira bawuti mpaka chitsulo chiwale. Waya wa girini ndi yelo wochokera ku pulagi ufikire pamenepo, ndipo ma earth a power supply, VFD, felemu ya makina ndi shield (chitsulo chokuta mawaya m'kati) ya nthambo ya spindle onse akumane pa bawuti lomwelo, aliyense ndi waya wakewake. Chitseko muchilumikize ndi waya, musadalire mahinji. Kenako pimani ndi multimeter kuchokera pa chitseko mpaka pa phini lalitali la pulagi, la earth, kuti muone ngati zalumikizana. Socket ya pakhoma nayonso ionedwe, poti m'makomboni mwathu ma socket ena anakokedwa ndi mawaya awiri okha. Zikakhala choncho itanani wa magetsi wodziwa ntchito akonze, musanayatse n'komwe.

Kutentha kwa Okutobala mukukudziwa. Fani ya 120 mm ya kompyuta ikhale chakumunsi, izikankhira mpweya m'kati kudzera pa sefa ya siponji, potulukira pakhale chakumwamba mbali inayo. Ikamakokera kunja, utuchi umalowera pa kampata kalikonse. Sefayo muziikung'untha Loweruka lililonse.

Mabowo onse boolani bokosi lili lopanda kanthu, kenako mulisese ndi kulipukuta, chifukwa kachitsulo kamodzi kogwera pa diraiva ndi shoti. Pa bowo lililonse pakhale cable gland kapena labala kuti lata lisadule nthambo, ndipo zimenezi zimatsekeranso makoswe ndi mphemvu. Nthambo za spindle zitulukire kwina, za ma switch kwina. Mukazimitsa, dikirani mphindi zingapo musanapisemo dzanja, poti VFD imasunga magetsi.

Pa chitseko siyani malo a batani lofiira la emergency stop ndi contactor (switch yoyendera magetsi) yodzigwira yokha m'kati. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atatsika ku Kariba, mmene malaiti ankapitira ndi kubwera. Contactor imeneyi imachititsa kuti malaiti akabwera makina asayake okha mpaka mutadina batani, osati spindle kuyamba kuzungulira inu muli ndi sipanala m'manja mukusintha mpeni.